Mfuti ya apongozi ili ku Michigan, ine ndili ku Indiana: ndingokaitenga?

Sabata yatha ndidalandira imelo yochokera kwa achimwene ena okhala ku South Bend, ku Indiana. Dzina ndalisunga. Iwo adakwatira mkazi wa kuno ku America, ali ndi green card (chilolezo chokhala kuno mokhazikika), ndipo apongozi awo aamuna amakhala kutsidya kwa malire, ku Michigan, ulendo wosakwana theka la ola pagalimoto. Apongoziwo akufuna kuwapatsa mfuti yaing'ono ya Colt ya mu 1943, yomwe bambo awo adabwera nayo kuchokera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mlamu wawo akuwauza kuti mfutiyo ndi yamakedzana, boma lilibe nayo ntchito, angoiponya m'buti azipita. Achimwenewa atinso kusonkhanitsa mfuti zakale kukuwakoka mtima. Kumapeto kwa kalatayo aphatikizapo funso lina: msuweni wawo, yemwe ali pa viza ya sukulu, wawapempha kuti akamugulire mfuti kusitolo ndi ndalama zake za iye msuweniyo.

Achimwene, mwachita bwino kuyamba mwafunsa, pajatu safunsa adadya phula. Yankho langa ndi lakuti musaiike m'galimoto mfutiyo, ndipo msuweni wanu mumukanire.

Chithunzi chomwe mwatumiza ndachiona. Mfutiyo yagona pa kansalu konona ndi mafuta m'bokosi la nsapato, chogwirira chake chatha ndi manja, ndipo m'mbali mukuonekabe zilembo zoti UNITED STATES PROPERTY. Mkulu wopereka chinthu chotere kwa mkamwini ndiye kuti wamulandira ngati mwana wake, ndipo ndikumvetsa kuti kuyamba kufunsa za mapepala kungaoneke ngati mwano. Koma alamu anu asokoneza zinthu ziwiri. M'malamulo a boma la feduro, mfuti yotchedwa antique ndi yopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake. Zimenezo ndiye zomwe lamulo lalikulu la mfuti silizikhudza. Yanuyi ndi ya mu 1943. Yakalamba, inde, koma pamaso pa lamulo ndi mfuti ngati yomwe yatuluka mufakitale dzulo, ndipo imapha chimodzimodzi.

Lamulo lomwe likukumangani ndi Gun Control Act ya mu 1968. Pulezidenti Lyndon Johnson adalisainira chaka chomwe Martin Luther King Jr. ndi Robert Kennedy adawomberedwa, anthu asadaiwale kuti mfuti yomwe idapha John Kennedy mu 1963 idagulidwa poitanitsa papositi. Aphungu adafuna kutseka njira yoti mfuti zizidumpha malire a masteti popanda wozilemba. N'chifukwa chake munthu wamba saloledwa kupereka mfuti kwa munthu wamba mnzake wokhala steti ina, kaya akugulitsa kaya ndi mphatso. Wolandirayonso saloledwa kubwera nayo kwawo. Ubale sulowapo. Wochita dala angathe kukhala kundende mpaka zaka 5.

Njira yake ndi yosavuta. Pezani sitolo ya mfuti ya ku Indiana yomwe ili ndi laisensi ya feduro, amati FFL, muwaimbire kaye n'kuwafunsa ngati amalandira mfuti kuchokera kwa munthu wamba wa steti ina. Apongozi aipereke kumeneko ilibe zipolopolo, yotsekeredwa m'bokosi. Inu mupite ndi chiphaso choonetsa adiresi yanu ya ku Indiana pamodzi ndi green card, mudzaze fomu 4473, ndipo wasitoloyo afufuza dzina lanu ku FBI kudzera mu NICS, njira yofufuzira mbiri ya ofuna mfuti, yomwe idayamba kugwira ntchito mu 1998 potsatira lamulo lotchedwa Brady. Muyenera kukhala ndi zaka 21 kapena kuposa. Amalipiritsa madola makumi angapo basi. Pafomupo pali malo olembapo nambala ya pa green card, ndipo kwa ife amene si nzika amafunsanso ku imigireshoni, choncho musadabwe akakuuzani kuti yankho lachedwa. Ine tsiku langa loyamba mtima udagunda wasitolo atanditembenuzira kompyuta kuti ndione mawu oti Delayed, ndidaganiza kuti pali mlandu womwe sindiudziwa. Patapita masiku awiri adandiimbira kuti ndikatenge. Apongozi nawo afunse kupolisi ya kwawo, chifukwa Michigan imasunga kaundula wa mfuti zazing'ono, ndipo ndi bwino adziwe kuti yachoka m'dzina lawo.

Pali pamodzi pomwe lamulo limamasula: chuma cha masiye. Mfuti ikalembedwa mu wilo, kapena ikakugwerani mwalamulo mwini atamwalira, mutha kudutsa nayo malire osadzera kusitolo, bola malamulo a steti yanu akukulolani kukhala nayo. Apongozi anu ali moyo, ndipo tikuwafunira zaka zambiri, ndiye zimenezi sizikukukhudzani.

Tsono za kusonkhanitsa mfuti zakale, zomwe mwati zikukukokani mtima. Apa ndi pomwe alamu anu adamva kachidutswa ka zoona. Mfuti yomwe yakwanitsa zaka 50 chipangidwire, ndipo sidasinthidwe maonekedwe ake oyambirira, imalowa m'gulu lotchedwa curio or relic. Bungwe la boma loyang'anira za mfuti, la ATF, limapereka laisensi ya osonkhanitsa, Type 03, pamtengo wa madola 30 kwa zaka zitatu. Mukakhala nayo mutha kulandira mfuti za gulu limeneli kuchokera steti ina mwachindunji, kuphatikizapo ya apongoziyi. Koma mumasenza udindo: muzisunga buku lolembamo mfuti iliyonse, tsiku lomwe yalowa, kwa yemwe yachokera ndi komwe yapita. Laisensiyi siikuthandizani pa mfuti zamakono, ndipo si ya geni. Wogula n'kumagulitsa kuti apeze phindu afunika laisensi ya sitolo. Ngati mfuti ndi imodzi yokhayi, musadzivutitse, dzerani kusitolo. Ndipo chonde musaipale ndi sandipepala kapena kuipaka utoto kuti iwale. Kutha kwakeko ndiye mtengo wake. Ipititseni kwa katswiri wokonza mfuti aione musadaiyese, ndipo poitulutsa m'bokosi muitenge ngati ili ndi zipolopolo kufikira mutatsimikiza ndi maso anu.

Za msuweni wanu ndiye zandisowetsa tulo. Munthu yemwe adalowa ndi viza ya kanthawi, monga ya sukulu kapena yodzacheza, lamulo la feduro limamuletsa kukhala ndi mfuti ngakhale chipolopolo chimodzi, pokhapokha akhale m'magulu ochepa opatulidwa, monga amene ali ndi chiphaso chosakira nyama chomwe chikugwira ntchito. Amene mapepala ake adatha, palibenso kukambirana. Pa fomu 4473 pali funso loti kodi ndinu wogula weniweni. Mukayankha kuti inde pomwe ndalama ndi za wina ndipo mfutiyo ikupita kwa iye, mwanama ku boma. Mu 2014 khoti lalikulu kwambiri la dziko lino lidaweruza mlandu wa Bruce Abramski, yemwe kale adali wapolisi ku Virginia. Iye adagulira mbale wake wachikulire wa ku Pennsylvania mfuti ya Glock atalandira cheke cha madola 400. Mbaleyo adali munthu wololedwa kukhala ndi mfuti, komabe majaji asanu mwa asanu ndi anayi adati Abramski ndi wolakwa. Mu 2022 aphungu adaonjezera lamulo lina: kugulira mfuti munthu woletsedwa kungakupatseni zaka mpaka 15.

Ndikudziwa kulemera kwake kukanira m'bale kuno kutali, komwe timadyera mbale imodzi n'kumasonkherana pamaliro. Koma m'Amerika wobadwa akalakwa pa nkhani ya mfuti, amamaliza chilango n'kubwerera kunyumba kwake. Inu ndi ine ayi. Malamulo a imigireshoni amati munthu yemwe si nzika akapezeka wolakwa pa mlandu wogula, kusunga kapena kunyamula mfuti mosatsata lamulo, angathe kuthamangitsidwa m'dziko, green card ili m'thumba. Mkazi ndi ana atsala kuno. Msuweni wanu ngati akuopa china komwe akukhala, mukhale naye pansi mumve chomwe chikumuopsa, ndipo ngati akufunadi mfuti akaonane ndi loya wa imigireshoni asadaponde pakhomo la sitolo. Inunso, ngati mudamangidwapo pa nkhani ina iliyonse, ngakhale mkangano wa m'banja womwe mumauyesa udatha, muonane ndi loya musadasaine fomu ija.

Apongozi auzeni kuti mphatso mwailandira ndi manja awiri, ndipo muwapemphe kuti Loweruka lina mudzakumane pasitolo, adzakuuzeni za bambo awo uku mukudikira yankho la FBI.