Mwafika ku Joni: masamu a m'basi aja asiyeni kaye

Mwezi wathawu ndinakalandira mwana wa msuweni wanga pa Park Station. Anatsika basi ndi kachikwama kamodzi, kajekete kopyapyala, ndi pepala m'thumba lomwe analembapo masamu ake: akapeza ntchito ya R4,000 pamwezi, m'makwacha ndi zakutizakuti, ndiye pofika Disembala malata agulidwa, feteleza wa amayi wagulidwa. Ndinaseka, koma ndinkadziseka ndekha, chifukwa mu 2012 nanenso ndinatsikira pomwepo ndi masamu omwewo.

Sindikukudzudzulani kuti mwabwereranji. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pakati pake Freddy anakokolola minda kum'mwera, 2024 kunabwera ng'amba, mafuta n'kumagonera pamzere. Munthu wa pantchito yemwe kale ankakwanitsa thumba la chimanga, lendi ndi fizi, lero malipiro akumuthera pa 10. Ndipo njirayi si yachilendo: agogo athu ankabwera kumigodi kudzera ku Wenela, mpaka Kamuzu analetsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anyamata athu ambiri. Koma iwowo ankabwera ndi kontirakiti, pogona ndi ulendo wobwerera zili zokonzeratu. Inu mwabwera ndi nambala ya foni ya munthu mmodzi, yemwe mwina sayankhanso.

Choyamba, lekani kutembenuza randi iliyonse kukhala kwacha. Mukulandira ma randi, inde, koma mukudyanso ma randi. Mu Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anaikidwa pa R28.79 pa ola, kutanthauza R230 ndi timasenti pa tsiku la maola 8, ndipo lamuloli limakhudza antchito a m'nyumba ndi a m'munda omwe. Koma maganyu sabwera tsiku lililonse. Pali sabata yomwe mudzaima pakona kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, galimoto osaima. Kachipinda kakuseri komwe ndinkakhala chaka chatha kanali R1,500, magetsi ogula padera, thekisi kupita ndi kubwera tsiku lililonse, ufa, ndiwo, yuniti za foni. Mukachotsa zonsezi, chotsala ndiye mutembenuze m'makwacha. Mudzaona kuti malata aja ndi a chaka chamawa, ndipo palibe cholakwika.

Tsopano nkhani ya mapepala, yomwe ambiri safuna kuimva. Chidindo chomwe munalandira pa malire a Beitbridge ndi cha masiku 30, ndipo ndi cha mlendo wodzacheza, sichikulolani kugwira ntchito. Mukapitirira ndi masiku osakwana 30, potuluka amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi. Mukapitirira kuposa apo, zaka zisanu. Akakugwirani mkati muno mulibe chilolezo, njira yake ndi ya ku Lindela, ku Krugersdorp, komwe munthu amadikira kubwezedwa kwawo. Ndikudziwa kuti ambiri a ife tinayamba movutikira choncho, sindinamizira kuti ndinali woyera. Koma dziwani chomwe mukusankha, musadzati sindinauzidwe.

Pali anthu omwe adzakuyandikirani mokoma, a kwathu komwe, olankhula Chichewa chosalala. Wina adzati mupereke pasipoti apite nayo kumalire ikadindidwe inu muli pantchito. Wina adzati ali ndi munthu mkati, pemiti ituluka pa sabata ziwiri mukapereka R5,000. Ine ndinapereka, mu 2014, ndalama ya miyezi iwiri. Chomata chomwe anandimatira m'pasipoti chinali chokongola kwambiri, mpaka tsiku lomwe bwana wina wofuna kundilemba ntchito yokhazikika anachifufuza n'kupeza kuti nambala yake kulibe. Ntchito inapita, pasipoti inaipa, ndipo ndinachita mwayi kuti bwanayo anangondiuza kuti ndizipita. Chidindo chabodza n'choipa kuposa kupanda chidindo, chifukwa pamenepo mlandu wasanduka wachinyengo. Nkhani za pasipoti yotayika kapena yotha pitani nazo ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg, osati kwa munthu wa pa WhatsApp. Ijambuleni pasipotiyo pa foni lero lomwe, chithunzicho mutumizenso kwa m'bale kumudzi. Ndipo bwana asakusungireni pasipoti, ngakhale akhale wokoma mtima bwanji.

Gulani kakope. Tsiku lililonse lembani komwe mwagwira, nthawi yoyamba, nthawi yoweruka, ndi zomwe mwalandira. Mabwana ena amadalira mantha athu: mwezi ukatha amati bwera mawa, ukalimbikira amatchula apolisi. Kuli bungwe la CCMA lomwe limamva madandaulo a antchito kwaulere, ndipo makhoti a kuno anagamula kale kuti munthu wogwira ntchito ali ndi ufulu wodandaula ngakhale mapepala ake asali bwino. Popanda kakope kaja mudzangonena pakamwa, iye n'kukana.

Pogona. Nyumba zotsika mtengo za m'tauni, zija zolandidwa ndi magulu omwe amatolera lendi pakhomo, zithaweni. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa usiku, anthu 76 anafa, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi anzathu. M'nyumba zoterozo zipinda amagawa ndi matabwa ndi makatoni, magetsi ndi olumikiza mwakuba, zipata amakhoma usiku. Kuli bwino mkuku wa ku lokeshoni wokhala ndi khomo lotulukira panja. Ndipo Juni ndi Julayi wa kuno si wa ku Dedza, madzi amaundana m'ndowa. Musagone ndi mbaula m'chipinda chotseka. Utsi wake sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Gulani bulangete lachiwiri musanagule foni yatsopano.

Kwa eni kulibe mkuwe. Anthu ambiri a kuno ndi abwino, ine amene anandiphunzitsa kuwotcherera zitsulo ndi mdala wa Chizulu, yemwe mpaka lero amandiitana kuti mwana wanga. Koma nawonso akulira ulova ndi kukwera kwa zinthu, ndipo mkwiyo ukafuna potulukira umagwera ife. Mu Meyi 2008 zipolowe zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra, anthu 62 anaphedwa. Mu 2015 zinabuka ku Durban, boma lathu mpaka linatumiza mabasi kudzatenga anthu. Mu 2019 zinabwereranso, ndipo masiku ano kuli a Operation Dudula, gulu lofuna kuthamangitsa alendo. Phunzirani moni ndi mawu a m'thekisi m'Chizulu kapena Chisuthu mwezi woyamba womwe. Mukamva kuti m'dera mwanu mwayamba misonkhano yokamba za alendo, musadikire kuti muone. Ndipo khalani ndi ndalama ya basi yobwerera kwanu, yosakhudzidwa, ngakhale kumudzi aimbe kuti mbuzi yadwala.

Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ma ARV, a shuga, a BP, pitani ku kiliniki ndi buku lanu la kuchipatala mankhwala asanathe. Manyazi apha anthu ambiri kuno kuposa mipeni.

Chovuta kwambiri si apolisi, si kuzizira. Ndi foni yochokera kumudzi. Mukangotumiza chithunzi pa Facebook mutatsamira galimoto ya bwana ku Sandton, mwadzipalira. Mawa lake malume akufuna njinga, mlamu akufuna mpamba, ndipo mukakana ndinu wodzikonda. Ndaona anyamata akukongola kwa mashonisa, katapira wa kuno, kuti atumize kwawo asaoneke olephera. Uzani amayi zoona: lendi ndi yakuti, ndalandira zakuti, ndikwanitsa zakuti. Sankhani munthu mmodzi wolandira, tsiku limodzi pamwezi, ndipo tumizani kudzera njira zopereka risiti monga Mukuru, osati m'thumba la munthu wa pabasi. Za kumanga nyumba kudzera mwa achibale ndingoti: ndinatumiza ndalama ya njerwa zaka ziwiri, nditafika ndinapeza maziko ndi nkhani zambiri. Tsopano ndimagula simenti ndikapita ndekha.

Pezani anzanu a kwanu, ku tchalitchi kapena ku mzikiti, mulowe chipereganyu cha anthu odziwika komwe amagona. Koposa zonse lowani gulu la maliro. Kunyamula thupi kuchoka ku Joni kudutsa Zimbabwe, Tete, mpaka kulowa pa Mwanza kumadya ndalama yomwe banja lanu silingaipeze, ndipo ndatolerapo zopereka pa WhatsApp thupi la mnzathu lili mumotchale sabata zitatu, mayi ake akuimba tsiku lililonse kufunsa ngati lanyamuka. Gulu lathu timasonkha R100 pamwezi, Lamlungu loyamba. Mwana wa msuweni uja ndinamulembetsa tsiku lachiwiri atafika, asanapeze ganyu ndi imodzi yomwe, ndipo ya mwezi woyamba ndinamulipirira ine.