Tifunseni: Malamulo amene anasintha nkhope ya dziko la America

Akonzi, ndimaphunzitsa mbiri kusekondale. Ana asukulu amandifunsa kuti lamulo la boma la chitaganya ku America limasiyana bwanji ndi la chigawo, komanso bilu imadutsa m'manja mwa yani kuti ikhale lamulo. Ndithandizeni. (Mphunzitsi, Dedza)

Aphunzitsi, dziko la America ndi chitaganya cha zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo ndi makhothi ake. Nkhani za maukwati, masukulu, apolisi ndi ziphaso zoyendetsera galimoto zimayendetsedwa kwambiri ndi zigawozo. Boma la ku Washington linapatsidwa ntchito zotchulidwa m'malamulo oyendetsera dziko, monga misonkho, ndalama, nkhondo ndi malonda a pakati pa zigawo. Pa ntchito zimenezi, malamulo awiri akawombana, la ku Washington ndilo limapambana.

Nyumba ya Malamulo ya kumeneko, Congress, ili pawiri: House of Representatives ya aphungu 435, ndi Senate ya maseneta 100, awiri pa chigawo chilichonse. Bilu imayamba yapita kukomiti, ndipo mabilu ambiri amafera komweko chifukwa wapampando sanawaike n'komwe pa ndandanda wa zokambirana. Ikapulumuka, nyumba zonse ziwiri ziyenera kuivomereza ndi mawu ofanana ndendende. Pulezidenti amakhala ndi masiku 10, osawerengera Lamlungu, kuti asaine kapena aikane. Akaikana, imakhalabe lamulo ngati magawo awiri mwa atatu a aphungu m'nyumba iliyonse aivoteranso. Anawo muwauzenso za msampha wa ku Senate. Kumeneko ochepa angathe kutalikitsa zokambirana dala kuti voti isachitike, ndipo masiku ano pamafunika maseneta 60 kuti mkangano utsekedwe.

Ukapolo unathetsedwa ku America mu 1865. Nanga n'chifukwa chiyani anthu akuda anadikira mpaka 1964 kuti azidya mulesitilanti imodzi ndi azungu? (Mayi wa ku Chipata)

Mayi, lamulo loletsa tsankho m'mahotela ndi m'sitima linalipo kale mu 1875, koma Khothi Lalikulu linalipha mu 1883. Majaji anati malamulo oyendetsera dziko amaletsa boma kusankha anthu, koma sakunena kanthu za mwini hotela amene akukana mlendo pa bizinesi yake. Mu 1896 khothi lomwelo linaloleza kulekanitsa mitundu, bola zinthu za mbali zonse zikhale zofanana. Sizinafanane ngakhale pang'ono. M'zigawo za kummwera munthu wakuda ankamwa pa mpopi wake, kudikira basi m'chipinda chake, ndipo chakudya ankachilandirira pawindo la kuseri.

Pulezidenti John F. Kennedy anatumiza bilu yatsopano mu June 1963, ndipo anaphedwa mu November isanadutse. Lyndon Johnson, amene analowa m'malo mwake, ndiye anaikankha. Aphungu anaivomereza pa 10 February 1964 ndi mavoti 290 kwa 130. Ku Senate, mtsogoleri wa chipani chachikulu Mike Mansfield sanalole kuti ipite kukomiti ya zamalamulo, popeza wapampando wake, James Eastland wa ku Mississippi, akanaikhalira. Maseneta a kummwera anayamba kulankhula mosinthana kwa miyezi yoposa iwiri. Robert Byrd yekha analankhula maola 14. Nthawi imeneyo kutseka mkangano kunkafuna mavoti 67, ndipo pa 10 June anapezeka 71, chifukwa Everett Dirksen, mtsogoleri wa maseneta a chipani cha Republican, anabweretsa anzake ambiri. Johnson anasaina Civil Rights Act pa 2 July 1964, kutangotsala masiku anayi kuti Malawi alandire ufulu wodzilamulira.

Nzeru ya olemba lamuloli inali pa maziko amene analiimikapo. Podziwa zimene zinachitika mu 1883, analimangirira pa mphamvu ya Congress yoyendetsa malonda a pakati pa zigawo. Mwini Heart of Atlanta Motel, ya zipinda 216, anakasuma, koma khothi linaona kuti alendo ake ambiri ankachokera kuzigawo zina, choncho lamulo linamukhudza. Lesitilanti ya Ollie's Barbecue ku Birmingham inati iyo imadyetsa anthu a m'tauni momwemo. Khothi linafunsa kumene nyama yake inkachokera, ndipo inkachokera kunja kwa Alabama. Milandu yonse iwiri inagamulidwa tsiku limodzi mu December 1964.

Ife timaona kuti gawo la mano kwambiri ndi lachisanu ndi chimodzi, limene limati bungwe lililonse lolandira ndalama za boma la chitaganya likamachita tsankho, ndalamazo ziimitsidwe. Pamene thandizo la chipatala la okalamba, Medicare, linkayamba mu July 1966, chipatala chofuna ndalamazo chinayenera kuchotsa zikwangwani ndi kugoneka odwala a mitundu yonse m'wodi imodzi, ndipo zipatala zambiri za kummwera zinatero m'miyezi yochepa. Gawo lachisanu ndi chiwiri limaletsa tsankho pa ntchito chifukwa cha khungu, chipembedzo, kumene munthu anachokera, kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Lero limakhudza olemba ntchito a antchito 15 kapena kuposerapo. Wolakwiridwa amakadandaula ku EEOC, bungwe la boma loona za tsankho pa ntchito, pasanathe masiku 180, ndipo m'zigawo zimene zili ndi bungwe lawo lotere nthawiyo imafika masiku 300. Wochedwa nthawi zambiri amataya mlandu ngakhale umboni uli wokwanira. Bungweli poyamba linalibe mphamvu yosumira mabwana kukhothi. Linapatsidwa mu 1972.

Ngati lamulo la 1964 linali lamphamvu chotero, lina la zisankho mu 1965 linkafunikiranji? (Wophunzira zamalamulo, Zomba)

Ufulu wovota wa amuna akuda unalembedwa kale mu 1870, koma vuto linali pa tebulo la kalembera. Wolembetsa ankakupatsa ndime ya malamulo kuti uwerenge ndi kumasulira, ndipo wogamula kuti wakhoza anali iye yemweyo. Boma likasuma n'kupambana, patapita zaka, akuluakulu a deralo ankangopeza njira ina.

Pa 7 March 1965 anthu pafupifupi 600 ofuna ufulu wovota ananyamuka ku Selma kulowera ku Montgomery m'chigawo cha Alabama, ndipo apolisi anawamenya ndi zibonga ndi utsi wokhetsa misozi pa mlatho wa Edmund Pettus. John Lewis, mmodzi mwa atsogoleri a ulendowo, anasweka chigaza tsiku limenelo. Pa 6 August Johnson anasaina Voting Rights Act. Lamuloli linaimitsa mayeso owerengawo m'madera otchuka ndi tsankho, linalola Washington kutumiza anthu ake kukalembetsa ovota, ndipo linalamula kuti maderawo asasinthe kanthu kalikonse ka chisankho, ngakhale malo oponyera voti, asanalandire chilolezo kwa unduna wa zachilungamo kapena kukhothi la ku Washington. Ku Mississippi, anthu akuda olembetsa anali osakwana 7 pa 100 alionse lamuloli lisanabwere. Pofika 1967 anali pafupifupi 60. Mu 2013, pa mlandu wa Shelby County, majaji a Khothi Lalikulu, 5 kwa 4, anathetsa ndondomeko yosankhira madera ofunika chilolezo, ponena kuti inakalamba. Chiyambireni, wodandaula wabwerera pa kusuma lamulo latsopano la zisankho la m'deralo litakhazikitsidwa kale.

Kodi n'zoona kuti boma la America linkagawa minda yaulere? (Bambo wa ku Kasungu)

N'zoona, bambo, ngakhale kuti mawu oti yaulere amabisa zambiri. Homestead Act, imene Abraham Lincoln anasaina pa 20 May 1862, inkapatsa munthu wa zaka 21, kapena mutu wa banja, maekala 160. Ankalipira madola 18 onse pamodzi a zikalata, kumanga nyumba, kulima ndi kukhalapo zaka 5, kenaka mboni ziwiri zinkatsimikizira kuti wachitadi zimenezi. Wofulumira ankatha kugula malowo patatha miyezi 6 pa dola imodzi ndi masenti 25 pa ekala, ndipo apa m'pamene makampani a ng'ombe ndi a matabwa ankalowera, kulembetsa maina a antchito awo n'kutenga malowo. Maekala pafupifupi 270 miliyoni anagawidwa motere mpaka dongosololi litatha mu 1976, ndi 1986 ku Alaska.

Kuzigwa zouma za kumadzulo maekala 160 sankakwanira kudyetsa banja, ndipo ambiri anasiya malo zaka 5 zisanathe. Congress inakweza muyeso kufika pa 320 mu 1909 ndi 640 mu 1916. Chachikulu n'chakuti malowa anali ndi eni ake. Mitundu monga Lakota, Cheyenne ndi Pawnee inachotsedwapo ndi nkhondo ndi mapangano oswedwa, n'kuunjikidwa m'madera ang'onoang'ono, ndipo mu 1887 Dawes Act inadulanso maderawo m'zidutswa, zotsala n'kugulitsidwa kwa obwera.