Za kupima phula la msewu ndi ultrasound

Amalume, mwafunsa ngati makina onga aja opimira amayi oyembekezera kuchipatala angatiuze kuti phula la pamsewu ndi lenileni kapena angotipaka phula m'maso. Angathandize ndithu, koma musayembekeze chithunzi ngati cha mwana m'mimba. Amangotulutsa nambala basi.

Pamakhala tizitsulo tiwiri tonga timakapu, kena kotumiza phokoso, kena kolandira. Khutu silimva kanthu, poti munthu amalekezera pa 20 kHz (muyeso wa kufulumira kwa kunjenjemera kwa phokoso) pomwe makina ambiri otere amayenda pa 54 kHz. Mumatenga chibulunga cha phula chija amaboola pamsewu, chimene amati core, chotambalala masentimita 10, n'kupaka girisi uku ndi uku kuti pasatsale mpweya, kenako n'kukanikizapo tizitsuloto. Makina amawerenga nthawi imene phokoso latenga kuti lituluke mbali inayo. Ngati phula analitsendera bwino, phokoso limadutsa msanga. Ngati muli mipata yambiri kapena ming'alu yobisika, limachedwa chifukwa limayenda molambalala. Ndi nzeru yomwe ija ya agogo pogula mphika wadothi, kuugogoda kaye ndi chala kuti amve kulira kwake.

Mipatayo ndiye nkhani. Posakaniza phula ndi miyala mu labu amafuna mpweya wa 3 mpaka 5 pa 100 iliyonse. Ukapitirira kwambiri madzi amalowa, phula limayamba kusiyana ndi miyala, mvula iwiri itatu dzenje labadwa.

Koma phula si konkire, limafewa likamva dzuwa. Ine ndinaiwalapo core pampando wa galimoto masana a mu October, nditaipima nambala ya liwiro la phokoso inatsika moti ndinkati phulalo ndi lachabechabe. Itagona mu labu usiku wonse, m'mawa inawerenga bwinobwino. Ndiye munthu akakuonetsani nambala ya ultrasound osanena kutentha kumene anapimira, musaombe m'manja msanga. Kumbukiraninso kuti mtundu wa miyala nawo umasintha liwiro, choncho nambalayo amaiyerekeza ndi ya phula la msanganizo womwewo limene analipima kale kulemera ndi kulimba kwake.

China, maenje ambiri muno mu Lusaka amayambira pansi. Onani ku Kanyama mvula ikagwa mu January, madzi ali tho pamsewu masiku angapo. Dothi la pansi likanyowa, ngakhale phula labwino limatitimira lole ikadutsa, ndipo core ya pamwamba siingakuuzeni zimenezo. Misewu ina ya m'makomboni ilibe n'komwe phula lochindikala, ndi timiyala tomata pa tala, palibe choti n'kuboolapo.

Ngati ndi msewu wa kwanu umene ukukuwawani, pitani ku khonsolo, kapena ku RDA (Road Development Agency, bungwe la boma loyang'anira misewu) ngati uli m'manja mwawo, mukafunse zotsatira za ma core ndi za dothi: kuchindikala kwa phula, mpweya wotsalamo, ndi mmene anatsenderera dothi la pansi. Popita mujambule ngalande za m'mbali mwake pa foni.