X-ray siiona za m'kati mwa lilime, achemwali

Achemwali, chilonda chatha masabata asanu pa lilime la bambo a kunyumbawo, ndiye akuti akajambulitse X-ray? Ndalama imeneyo kaguleni ufa. Zinandionekera ine zimenezi, ndikakumbuka mtima umandiwawabe.

Changa chinali m'mbali chakumanzere, cholimba ngati njere ya chimanga. Pa kachipatala kena kolipira anandipatsa Amoxil ndi GV maulendo atatu, mkamwa kuda ngati ndadya jambula. Bambo a pamenepo lilimelo sanaligwire n'komwe, akuti "mayi mumangodziluma pakudya." Kenako X-ray. Ndinalipira, chithunzi kutuluka mano ndi nsagwada basi. Lilime mulibe fupa, nanga akanaonamo chiyani? Ankadziwa amene aja, ankangofuna ndalama yanga. Miyezi inayi inapita choncho.

Ku Blantyre ndi komwe anandilowetsa mu MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi omwe amaonetsa ndi minofu yomwe. Ndolo vulani, mphete vulani, mutu anautsekera m'kachikwere, kenako kundikankhira m'chimphanga muja. Akuti musameze malovu, lilime lisagwedere. Amayi inu! Munthu akakuletsa ndi pomwe malovu amasefukira. Phokoso ngati wagona pansi pa chigayo. Ndinapirira, ndinapirira, kenako ndinameza. Chithunzi chasokonekera, tiyambirenso. Misozi inkatsikira m'makutu, dzanja loti ndipukute osaloledwa kulinyamula. Atandibaya mankhwala owalitsa chithunzi pamkono ndinangoti basi ndafa.

Dokotala wake ndiye anali munthu. Ananditembenuzira kompyuta n'kundionetsa. M'kati mwa lilime muli minofu ya mitundu inayi yosamangirira ku fupa lililonse: iwiri imayenda m'litali, wina pamwamba wina pansi, wina ndi wopingasa wotchedwa transverse, wina woimirira wotchedwa vertical. Imeneyi ndi yomwe imapinda lilime, kulifupikitsa, kulisongola polankhula. Yolitulutsa ndi kulibweza ndi ina, imachokera kunja kwa lilime. Madokotala amayeza kuti chotupa chazama bwanji m'minofumo, akuti chosapitirira mamilimita 5 ndi chopitirira 10 ndi nkhani ziwiri zosiyana. Changa chinali chisanafike pa 5, komanso chisanadutse kampanda kogawa lilime pakati. Anatapa kanyama kukapima, inali khansa yongoyamba. Anadula kachigawo, mpaka lero "s" ndimamutchula ngati mwana wagula mano.

Koma inu musathamangire MRI, ndi yodula, ndipo siinena kuti iyi ndi khansa, chimanena ndi kanyama kopimidwako. Mwina ndi dzino lakuthwa chabe likuwakhula, ayambire kwa adokotala a mano, azichukucha madzi amchere. Komabe chilonda chopitirira masabata atatu sichodikira nacho, Lolemba lomweli apite, akakakamire kuti wina achigwire ndi chala, awakhudzenso m'khosi ngati muli mwanabere. Ngati amasuta kapena kumwa kachasu, muwalande lero.