Chitunda cha mu Trials Fusion chisakuthawitseni

Achimwene, mwati chitunda chimodzi cha mu Trials Fusion, gemu yoyendetsa njinga yamoto pa zitunda ndi zopinga, chakuchezetsani usiku wonse, moti mukuganiza zongoifufuta gemuyo, koma manja akukana kutula kontrola. Musaifufute. Vuto lagona pa moto umene mukuipatsa njingayo.

Ambirife timabwera ndi chizolowezi cha magemu a mpikisano wa njinga zamoto ngati MotoGP, kumene umafinya batani la moto mpaka pansi. Mu Trials ukatero pa chitunda, teyala lakutsogolo limanyamuka, njinga n'kugadabuka chagada. Batani lija limamva mphamvu ya chala. Finyani pang'onopang'ono, wokwerayo mumuweramitsire kutsogolo, ndipo mukaona kuti teyala lakutsogolo likudzuka, chepetsani moto osati kuusiyiratu. Mukausiyiratu njinga imabwerera chambuyo, ndiye mantha akakugwirani mufinyanso mwamphamvu, basi mwagwa. Mukadumpha, potera pansi njinga iyang'ane mmene mtsetsewo wapendekera kuti mateyala onse awiri akhudze pansi bwino.

China chofunika kuphunzira ndi kadumphidwe kamene amakatcha bunny hop: mutsamiritse wokwera kumbuyo, mupatse moto, kenaka mumukankhire kutsogolo mwachangu. Popanda kameneka misewu yovuta kwambiri ya Hard ndi Extreme simungaithe. Pa misewu imeneyi ine ndimakonda Pit Viper, ngakhale ndi njinga yosachedwa kupsa mtima.

Zoti simukutha kuisiya gemuyi, a kampani ya RedLynx ya ku Finland, amene anaitulutsa ndi kampani ya Ubisoft mu 2014, anachitira dala. Ukagwa, batani limodzi lokha limakubwezera pa checkpoint (malo oyambiranso amene wadutsa komaliza) nthawi yomweyo, osadikira. Mkwiyo usanafike pokuuza kuti dzuka uzipita, wayambiranso kale. Komanso umadziwa kuti walakwitsa ndiwe, osati gemu, ndiye mtima umangoti kamodzi kokha aka. Amakulola kugwa mpaka ka 500 kapena kutha mphindi 30 pa msewu umodzi, ndiye onani nokha kuti ankayembekezera kuti tizigwa motani.

Pakadali pano za mendulo ya golide iwalani kaye. Malizani msewuwo ngakhale nambala ya kugwa ikhale yochititsa manyazi, golide mudzamubwerera mutaudziwa. Zala zikayamba kuuma ndipo mwayamba kugwa pamalo pomwe poyamba mumadutsa bwinobwino, zimitsani mukagone. Mwatchula chitunda chokha, tiuzeni dzina la msewuwo ndi njinga imene mukukwera, tikuuzeni poyambira kupatsa moto.