Mwafunsa, Tayankha: Kukaona Cape Town ndi ana aang'ono

Funso: Zikomo akonzi. Bambo a kunyumba amagwira ntchito ku Cape Town ndipo akuti tikawapeze ndi ana mu December. Wamkulu ali ndi zaka 6, wamng'ono 2. Tikayamba takhala kwa achemwali ku Johannesburg kenako n'kupitirira, ndiye ndi ulendo wa masabata angapo. Anawa ngakhale ku Blantyre sanafikeko. Ndikufuna akaone zambiri poti mwayi wotere subwerabwera. Tikayambire pati?
Mayi wa ana awiri, kwa Mponda

Yankho: Amayi, yambani n'kuwerenga masiku. Wa pasipoti ya Malawi amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30, ndipo masikuwo amayambira pomwe akudindirani pa Beitbridge, osati pomwe mwafika kwa bambo. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake, ndipo mutengenso zikalata zawo za kubadwa. Mukapitiriza masiku, potuluka amakuletsani kulowanso m'dzikomo, chaka chimodzi kapena kufika zisanu kutengera ndi masiku omwe mwapyola.

Pa zokaona, chepetsani mtima: malo amodzi patsiku, basi. Kuchokera ku Johannesburg kufika ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 1,400, usiku wonse ndi gawo la tsiku muli m'basi, ndipo ana adzakhala atatopa kale ndi msewu wa Mwanza, Tete ndi Harare. Masiku awiri oyamba musapite kulikonse kupatula kugolosale. Kenako muziyenda masiku awiri, lachitatu n'kukhala pakhomo kuchapa ndi kusewera. Mwana wa zaka 2 akasemphana ndi tulo ta masana masiku atatu otsatizana amayamba kukana chakudya, kulira popanda chifukwa ndi kudzuka usiku, ndiye amene amavutika ndi inu nomwe. Muzinyamuka cha m'ma 8 koloko ataphula kale phala, pofika 1 koloko mukhale mwabwerera kapena mwapeza pamthunzi poti agone.

China chomwe ambiri sachiyembekezera: nthawi ya pa wotchi ndi imodzi ndi yakuno, koma mu December dzuwa la ku Cape Town limalowa cha m'ma 8 koloko usiku. Ana ozolowera mdima wa m'ma 6 amakana kugona poti kunja kukuwala. Tchingani zenera ndi bulangete ndipo muziwagoneka potsata wotchi.

Malo oyambira akhale aulere, kuti mwana akavuta mungochoka osadandaula za ndalama. Company's Garden, munda womwe unayambika mu 1652 pakati pa mzinda, uli ndi mithunzi komanso agologolo osaopa anthu. Green Point Park ili ndi makatungwe ndi kapinga wothamangapo. Mukakhala mkati mwa tauni masana, achenjezeni ana kuti 12 koloko ikakwana mzinga wa pa Signal Hill umalira, kupatula Lamlungu ndi masiku a holide. Ngati ndinu Asilamu, ku Bo-Kaap kuli nyumba zopaka utoto wowala ndi mzikiti wa Auwal wa mu 1794, wakale kuposa yonse m'dzikomo. Misewu yake ndi yamiyala komanso yokwera, choncho kanjinga kokankhira mwana kasiyeni, chitenje ndiye chimagwira ntchito.

Funso: Ana anga anakulira m'madzi, wa zaka 7 amasambira kuposa ine. Kodi kunyanja yamchere ndingawalole kulowa okha? Nanga Table Mountain tingakwere ndi khanda la miyezi 10?
Bambo wa ku Makawa

Yankho: Achimwene, ayi, asalowe okha. Luso la pa nyanja yathu likhoza kuwapusitsa. Kumbali ya Camps Bay ndi Clifton madzi ndi ozizira kwambiri ngakhale kunja kutatentha, chifukwa amachokera pansi pa nyanja ya Atlantic, ndipo mwana wochepa thupi amayamba kunjenjemera m'mphindi zochepa. Choopsa kwambiri ndi mkokomo wa madzi obwerera: mafunde akaswekera kumtunda, madziwo amabwerera mkati kudzera pa kanjira kamodzi, ndipo pamalo pamenepo ndi pomwe pamaoneka pabata, popanda thovu. Munthu akakokedwa n'kumalimbana kuti abwerere molunjika kumtunda amatha mphamvu. Wamkuluyo muuzeni kuti zikatero asalimbane nawo, asambire cham'mbali motsata gombe ndi kukweza dzanja. Muzisamba pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, pomwe pali opulumutsa anthu. Kwa ana, pabwino ndi mbali ya False Bay komwe madzi ndi ofundirako, makamaka dziwe lotchingidwa ndi khoma la ku St James.

Mukafika mbali imeneyo, pitirirani ku Boulders Beach pafupi ndi Simon's Town kukaona mbalame za penguin. Mutenge mapasipoti, chifukwa nzika za m'maiko a SADC zimalipira mtengo wotsikirapo kusiyana ndi alendo ena. Ana asazigwire, zimajompha kwambiri. Anyani a ku Cape Point ndi akuba ngati a ku Cape Maclear, moti mwana asagwire chakudya m'manja poyera.

Phirilo mungakwere ndi khanda pa cable car, ngolo yoyenda pa chingwe m'mwamba, yomwe inayamba kuyenda mu 1929 ndipo imafika pamwamba m'mphindi pafupifupi zisanu. Pansi pake pamazungulira, ndiye palibe cholimbirana zenera. Vuto ndi mphepo. M'miyezi yotentha kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kummwera chakummawa, ndipo ikakula amatseka. Musalonjeze ana tsiku. Mukadzuka n'kuona phiri lili poyera, lopanda mtambo pamwamba, fufuzani pa intaneti ngati atsegula n'kunyamuka m'mawa mzere usanatalike. Pamwamba ndi mamita opitirira 1,000 ndipo pamazizira ngakhale pansi anthu akutuluka thukuta, choncho juzi ndi chipewa kwa aliyense. Khanda likhale kumsana, wa zaka 7 akhale m'dzanja, poti m'malo ena phompho lilibe chotchinga. Nsonga yeniyeni imatchedwa Maclear's Beacon, dzina la Thomas Maclear yemwe Livingstone anatchulira Cape Maclear yathuyi. Auzeni ana nkhaniyo, koma kukafika kumeneko wapansi ndi kutali kwa miyendo yawo.

Ku Robben Island, chilumba chomwe panali ndende ya Nelson Mandela, dikirani akule. Ulendo wonse ndi boti umatenga maola pafupifupi anayi, mafunde amasanzitsa, ndipo zambiri ndi zongomvera. Tsiku lamphepo ndi bwino kupita ku Two Oceans Aquarium pa V&A Waterfront, komwe ana a asodzi amaima nthawi yaitali akuyang'ana shaki kuseri kwa galasi.

Funso: Mwana wanga akutenga zidzukulu zanga zitatu pa ulendo womwewu. Tulo sindikupeza. Akadwala kapena kusochera m'tauni yaikulu, atani?
Gogo wa ku Namwera

Yankho: Agogo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo zambiri zimakonzedwa asananyamuke. Atenge mabuku a kuchipatala a ana onse. Ku Cape Town kulibe malungo, ndipo vuto lagona pomwepo: mwana akhoza kuchoka kuno atalumidwa kale n'kukatentha thupi patapita sabata imodzi kapena ziwiri, adokotala akumeneko n'kuganiza kuti ndi chimfine. Mawu oyamba kuchipatala akhale akuti mwanayu wachokera ku Malawi, ayezedwe malungo. Asadikire kuti kuche kawiri akumupatsa panado.

Kutsegula m'mimba kumabwera kawirikawiri chifukwa cha zakudya za m'njira. Atenge mapaketi a Thanzi ORS. Akatha, asungunule masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, osasefukira masipuniwo, mwana azimwa pang'onopang'ono. Mchere ukachuluka umawonjezera vuto. Mwana akayamba kufooka, maso kulowa kapena kukana kumwa, athamangire kuchipatala. Za chakudya musadandaule, ufa woyera uli m'golosale iliyonse, kumeneko nsima amati pap, ndipo nyama ya halaal siyosowa. Chakudya chimodzi patsiku chizikhala chomwe anazolowera.

Pa za kusochera, akangofika agule simu ya kumeneko, amalembetsa ndi pasipoti. Nambalayo ailembe pa kapepala n'kumangirira ndi pini mkati mwa malaya a mwana aliyense, kapena pamkono ndi bolopeni, chifukwa mwana wolankhula Chiyao ndi Chichewa chokha sangafotokoze kanthu kwa anthu a Chixhosa ndi Afrikaans. M'mawa uliwonse awajambule pa foni atavala kale, kuti zikavuta aonetse chithunzi cha zovala za tsikulo. Awaphunzitse kuti ukasowa amayi uime pomwepo, osathamanga kuwafunafuna, ndipo upite kwa mayi yemwe ali ndi ana kapena wogwira ntchito wa yunifolomu. Pokwera basi kapena sitima wamkulu mmodzi azitsogola, wina azitsiriza, poti ana ambiri amatsalira pachitseko. Nambala ya apolisi ndi 10111, ndipo pa foni yam'manja 112 imagwiranso.

Mabasi a MyCiTi salandira ndalama m'manja, amafuna khadi la myconnect lomwe amagula n'kuikamo ndalama asanakwere, ndipo aliyense wolipira amakhala ndi lake. Akabwereka galimoto, lamulo la kumeneko kuyambira 2015 limati mwana wosakwana zaka 3 akhale pa mpando wake wamalamba, osati pamiyendo. Mpandowo aufunse pomwe akubwereka galimotoyo, asanalipire.