Ndinakhoza masamu ndi 2 pa MSCE koma algebra yaku koleji ikundigwetsa, ndisinthe kosi?

Uthenga uwu wachokera kwa mtsikana wa ku Ntcheu, cha ku Tsangano uko, ali chaka choyamba pa imodzi mwa mayunivesite a boma. Ndaufupikitsa pang'ono.

"Ankolo, ine masamu ndinakhoza ndi 2 pa MSCE, pa CDSS yathu panalibe ondiposa, nde anandisankha kukachita za uinjiniya. Koma test yoyamba ya College Algebra ndapeza 28 pa 100, yachiwiri 34. Mkalasi ndimaona ngati ndikumva koma ndikakhala ndekha palibe chimatuluka. Kunyumba sindinanene, bambo anagulitsa mbatata yonse kuti ndibwere kuno ndipo kumudzi anayamba kale kundiitana kuti injiniya. Ndikuganiza zopempha kusintha kosi ndipite kopanda masamu, kapena ndingoloweza ma past paper. Ndithandizeni ndisanawidedwe, ndiye kuti kuchotsedwa sukulu."

Mwanawe, uthenga ngati wakowu ndimaulandira chaka ndi chaka semesita yoyamba ikangofika pakati, ndipo olembawo sakhala ana ofooka ayi, amakhala omwewa amene anali nambala wani kusukulu kwawo. Nde chotsa kaye maganizo oti mutu wako wasiya kugwira. Koma usayembekezere kuti ndikunyengerera, chifukwa njira ziwiri watchulazo zonse ndi zothawa, palibe ingakupulumutse.

Tiyambe ndi 2 wakoyo. Ndi weniweni, unamukhetsera thukuta, pa CDSS pomwe buku limodzi mumachita kulimbirana si zamasewera. Koma tinene chilungamo, mafunso a MANEB amabwera ndi nkhope zodziwika, la quadratic, la matrix, la ma set lojambula Venn diagram, ndipo mwana wakhama amene wapanga ma pepala a zaka zambiri amalizindikira funso asanamalize nkuliwerenga komwe. Ku koleji lekichala akhoza kutenga mfundo yomweyo nkuivundikira mbali ina, kukuuza kuti sonyeza chifukwa chake izi zili zoona, kapena peza manambala onse amene x sangakhale, apo zoloweza zija zimangoti zii. Onjezerapo liwiro. Zimene aphunzitsi a Fomu 3 ankakhala nazo milungu iwiri kapena itatu, kumeneko ndi lekicha imodzi muholo yodzaza, palibe oti akuyendere pa desiki kuona ngati walemba bwino. Ndipo anzako ena amene akuoneka ngati mashasha mkalasimo anachita Additional Mathematics ku sekondale, zambiri akuziona kachiwiri pomwe iwe ukuziona koyamba, usamadziyeze ndi iwowo.

Tsopano chimene ndikufuna uchite lero lomwe, tenga ma pepala a test awiri aja, ndikudziwa unawapinda nkuwabisa pansi pa sutikesi, uwayale pa tebulo uyende mzere ndi mzere ndi bolopeni yofiira. Pa funso lililonse peza mzere weniweni pamene zinayambira kusokonekera. Ndikunenetsa, malikisi ambiri sanathere pa mitu ikuluikulu monga partial fractions, remainder theorem kapena ma function ayi, anathera pa tinthu ta Fomu 1 ndi Fomu 2, mabulaketi, mafulakishoni ndi ka negetivu.

Taona izi zimene ndimakumana nazo kwa ana ambiri. Wina alemba kuti (a + b)² ndi a² + b², nkupitirira mtima uli mmalo. Ika 2 pa a ndi 3 pa b. Mbali yoyamba ikupatsa 25, inayo 13. 12 wasowayo ndi 2ab uja unamusiya panjira. Wina apatsidwa x² = 5x, agawa mbali zonse ndi x, apeza 5, basi watha, osadziwa kuti wataya yankho lina loti x ndi 0, theka la malikisi lapita. Wina aona (x + 6)/6 nkukhwatcha ma 6 awiriwo, pomwe akanangoika 6 pa x akanaona kuti 12 kugawa ndi 6 ndi 2, zokhwatchazo sizikugwirizana. Nanga za ma inequality, −2x > 6, mwana agawa ndi −2 osatembenuza chizindikiro nkulemba x > −3. Yesa ndi 0, amene ndi wamkulu kuposa −3, upeza 0 > 6, bodza lenileni, ndekuti yankho lolondola ndi x < −3.

Waona zimene ndachita paliponsepo? Ndangoika nambala yaing'ono nkuona ngati zikutheka. Sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe ndipo sufunika lekichala kuti akuuze ngati walakwa. Chizolowezi chimenechi ndi chimene ndimakhulupirira kuposa china chilichonse pa algebra, ndipo ana ambiri amafika ku koleji asanauzidwepo kuti angathe kudzichonga okha. Panopa iwe ukuthira mbatata mthumba lobooka kunsi, lekichala akuonjezera pamwamba, pansi zikutayika. Soka kaye thumbalo.

Nde pulani yake ndi iyi, ndipo si yokoma. Peza buku la masamu la Fomu 2 ndi la Fomu 3, kaya ku laibulale kaya ubwereke kwa mng'ono wako, usachite nazo manyazi, palibe amene adzakufunse pa tsiku la graduation kuti unkawerenga buku lanji ku hostel. Ola limodzi tsiku lililonse, mmamawa mutu usanatope, upange ma indices, ma surd, factorisation ndi mafulakishoni okhala ndi zilembo, kakyuleta ili mchikwama. Ola lina madzulo likhale la zimene mwaphunzira tsikulo, koma osati kuwerenga notsi ngati History. Koperako funso limene lekichala anapanga pa bolodi, tseka kope, ulisove wekha kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ukakakamira, suzumira mzere umodzi wokha, tsekanso. Zija ukuti mkalasi umaona ngati ukumva ndi zoona ndithu, umamva, chifukwa kutsatira munthu wina akusova ndi kophweka, koma mmayeso sadzakufunsa kutsatira, adzakupatsa pepala loyera.

Za ma tutorial, makalasi osovera mafunso aja, ndiye zimandipweteka mtima. Tutorial sheet imaperekedwa nthawi ilipo, ana saigwira, amapita kukakopera mayankho, ena sapita nkomwe ati poti salemba maina. Iwe uziyesa funso lililonse usanapite, olo ulakwe onse, kuti ukafika ukafunse kuti pa mzere uwu ndinatsamwa chifukwa chani. Gulu la discussion likhale la anthu atatu kapena anayi, aliyense azidzuka kukagwira choko. Magulu aja a anthu 15 pomwe mnyamata mmodzi akusova ena onse akungojambula bolodi ndi foni, kumeneko ndi kotaya nthawi, zithunzizo zimangodzaza foni palibe amazitsegulanso. Foniyo igwire ntchito zina, pa Khan Academy pali maphunziro a algebra aulere, GeoGebra imakujambulira graph uone ndi maso chimene function ikuchita, dawunilodani pa wifi ya pasukulu bando isathe. Koma zomajambula funso kuti ChatGPT ikusovere iwe nkukopera ndakana, uzigwiritsa ntchito pochonga utamaliza wekha. Ndipo ku ofesi ya lekichala upiteko ndi ma pepala ako aja mmanja, ambiri amathandiza mwana amene wabwera ndi funso lenileni. Ma past paper abwere kumapeto, kudziyesa ndi wotchi, osati kuloweza.

Tsopano zosintha kosi. Choyamba, sizichitika mwachisawawa, zimayendera malamulo a sukuluyo komanso ngati malo alipo. Chachiwiri, kopanda masamu ukukufunako ndi kuti? Akaunti, economics, za makompyuta, za ulimi ku Bunda, uphunzitsi wa sayansi, konseko masamu a chaka choyamba akukudikira, olo unesi uli ndi kuwerengetsera mlingo wa mankhwala. Ngakhale kumudzi konko, mayi akatenga K100,000 ku banki mkhonde pa chiongola dzanja cha 20 peresenti pa mwezi chomaonjezekera pa ngongole, pakutha pa miyezi inayi imakhala K207,360, yapitirira kawiri. Funso loti ngongole ifika kawiri liti ndi 1.2ⁿ = 2, ndipo chimatsegula pamenepo ndi logarithm yomwe ikukusowetsa tulo ija. Chachitatu, ndipo apa ndinena mosapsatira, ngati ukufunadi uinjiniya dziwa kuti kutsogoloku kuli calculus, ndipo ana ambiri amene amalira ndi calculus chimawagwetsa ndi algebra yomweyi. Kungodutsa mokwawa ndi zoloweza ndi kusamutsira vuto ku semesita yamawa. Ukachita zonse ndanenazi ndi mtima wonse zikakanikabe, tidzakhala pansi tidzakambe njira zina popanda manyazi, makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA alipo, ya zankhalango ku Dedza ilipo, ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke ilipo. Koma pa ma test awiri okha, usanayese nkomwe kukonza, ayi sindikuvomera.

Inu makolo, nanunso ndili nanu mau. Kugulitsa mbatata kuti mwana aphunzire ndi chinthu chaulemu, Mulungu akudalitseni. Koma mwana wangolowa kumene chaka choyamba inu mwamulengeza kale pa msika wa Tsangano mpaka ku tchalitchi kuti injiniya, mukuganiza kuti akapeza 28 akuuzani bwanji? Mwamutsekera pakamwa nokha. Mukaimba foni funso ndi limodzi, ukukhoza eti, iye nkuti eya, nkhani yatha, kenako mudzangodabwa wabwera ndi katundu yense. Mufunseni kuti ndi phunziro liti likukuvuta, wapita kwa aphunzitsi ako? Ndipo pa holide musiyireniko maola awiri a mmawa akhale ndi buku, osati tsiku lonse kumunda kapena kukagulitsa kabichi pa Lizulu, makamaka ana aakaziwa amene ntchito zonse zapakhomo zimawadikira. Iwenso mwanawe, auze bambo ako. Sukuyenera kulira pa foni, ingonena kuti masamu andivuta, ndayamba kuwakonza motere. Bola amve lero kusiyana nkudzamva zotsatira zitatuluka.

Kodi ungakhozebe? Mwina, ndipo ndikutero chifukwa munthu wopeza 2 pa CDSS khama amalidziwa, komanso kuchoka pa 28 kufika 34 ndi kukwera ndithu olo kuli kochepa. Koma tisalote, tiwerengetse. Tsegula course outline uone mmene malikisi amagawidwira pa sukulu yanu. Tiyerekeze kuti ma test ndi ma assignment amatenga 40, mayeso omaliza 60, ndipo pokhozera ndi 50. Avereji yako panopa ndi 31, ndekuti uli ndi 12.4 mthumba, nde 12.4 + 0.6x ≥ 50, x kukhala malikisi a mayeso omaliza, ikukuuza kuti mayeso omalizawo ukufunika 63 pa 100. Ndi phiri limenelo. Koma ngati kwatsala test ina ndi assignment nkukweza avereji ija kufika 45, ukufunika 54 basi, nchifukwa chake sabata ino ndi yofunika kuposa sabata ya mayeso. Funsanso ku dipatimenti malamulo a sapu (mayeso obwereza ukalephera), malikisi oyenera kufika kuti uloledwe kulemba komanso kuchuluka kwa makosi amene munthu akalephera amawidedwa, usamve za mmakonde. Ika manambala enieni a sukulu yanu mu inequality imeneyi, uisove wekha, unditumizire yankho pamodzi ndi zolakwa zitatu zimene zabwerezedwa kwambiri mma pepala ako aja.